Kodi Mumadziwa? Za Mtima, BP ndi Shuga

Kodi mumadziwa kuti mtima wa munthu wamkulu ndi wongofanana ndi chibakera chake, koma umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku? Munthu akakhala phee umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo pa mphindi yomweyo umakhala utapopa magazi okwana malita 5, omwe ndi pafupifupi magazi onse a m'thupi.

Kodi mumadziwa kuti matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi ndiwo amapha anthu ambiri padziko lonse kuposa matenda ena alionse? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu 17.9 miliyoni anamwalira nawo. Ameneyo ndi pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse amene anamwalira chaka chimenecho. Ndipo pa maliro anayi alionse otere, atatu anachitika m'maiko osauka ndi opezako pang'ono. Amene amati awa ndi matenda a mabwana oyenda pa galimoto akunamiza anthu. Mlimi wowonda, wolima m'mawa ndi madzulo, BP imamugwiranso.

Kodi mumadziwa kuti BP yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi? Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Ambirife timayembekeza mutu, chizungulire kapena mtima kugunda kwambiri kuti tinene kuti BP yakwera. Koma munthu akhoza kukhala nayo zaka zambiri akudya bwino, akuseka, akupalasa njinga, pomwe mkatimu mitsempha ikuuma, mtima ukukula mosayenera, impso zikutha pang'onopang'ono. WHO imati mwa akuluakulu amene ali ndi vutoli padziko lonse, pafupifupi theka sadziwa n'komwe. Kuno ku Malawi, kafukufuku wotchedwa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi pa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyezetsa. Kuyezako sikupweteka, sikutenga magazi, ndipo sikudya nthawi. Mumakhala pampando kaye mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo. Namwino amakulunga kansalu pamkono, kamafufuma n'kukufinyani, kenako kamaphwa. Pa nthawiyi musayankhule. Amatuluka manambala awiri: lapamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukufinya, lapansi ndi pamene ukupumira. Akafika pa 140/90 kapena kupyola, pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti BP ndi yokwera. Musamangokhutira ndi mawu oti "ili bwinobwino" kapena "yakwerako pang'ono". Funsani manambalawo, ndipo alembedwe m'buku lanu lakuchipatala.

Kachipangizo kokulunga pamkonoko ndi kakale ndithu. Anakakonza ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896, ndipo mu 1905 dokotala wa ku Russia, Nikolai Korotkoff, anapeza njira yomvetsera magazi pamkono imene inathandiza kudziwa manambala onse awiri.

Kodi mumadziwa kuti mankhwala a BP sali ngati a malungo oti mukamaliza mwathana nawo? Amaitsitsa, koma saichotsa. Munthu akamwa miyezi iwiri n'kupezeka kuti manambala atsika, umenewo ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito, osati woti matenda atha. Zimandiwawa ndikamva munthu akuti "ndinasiya, ndikupeza bwino", chifukwa ambiri amene timawanyamula atafa ziwalo ananenapo mawu omwewo. Ngati mankhwala akukutsokomoletsani kapena akukutupitsani mapazi, bwererani kuchipatala akakusinthireni. Alipo a mitundu ingapo.

Nanga mumadziwa kuti mankhwala ena opha ululu, monga bulufeni ndi indosidi, amatha kukweza BP ndi kuwononga impso akamamwedwa tsiku ndi tsiku? Ambiri timangogula pagolosale msana ukavuta. Amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la impso afunse kaye kwa dokotala.

Kodi mumadziwa kuti chimene chimachititsa kwambiri sitiroko ndi BP yosasamalidwa? Mtsempha wa mu ubongo umatsekeka kapena kuphulika, ndipo gawo la ubongo limene lasowa magazi limayamba kufa pa mphindi zochepa. Poti zimachitika mwadzidzidzi, munthu amene dzulo anali kumunda lero wagona osayankhula, m'midzi mwathu timathamangira kunena kuti amumenya ndi hamala. Zikatero banja limataya maola ofunika kwambiri likufunafuna wolakwa, ndipo agogo ena osalakwa atukwanidwapo, kumenyedwa, ena kuphedwa kumene chifukwa cha matenda amene akanaoneka pa kansalu ka pamkono. Zizindikiro zake n'zosavuta kugwira: kukamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka kapena kuchita dzanzi mbali imodzi, lilime kulemera mpaka mawu osamveka. Muuzeni amwetulire, akweze manja onse awiri, atchule dzina lake. Chimodzi chikakanika, pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale zitaoneka ngati zasiya zokha. Musamumwetse madzi kapena phala, chifukwa akhoza kutsamwa.

Kodi mumadziwa kuti mtsempha wodyetsa mtima weniweniwo ukatsekeka, ululu sukhala pachifuwa pokha? Ambiri amamva kulemera kapena kufinya pakati pa chifuwa, koma ululuwo umatha kupita kumkono, kuphewa, kunsagwada kapena kumsana, limodzi ndi thukuta lozizira ndi kubanika. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina amangomva nseru, befu ndi kufooka kosadziwika bwino, n'kumaganiza kuti ndi zilonda za m'mimba.

Kodi mumadziwa kuti mchere wokwanira munthu wamkulu pa tsiku lonse sufika supuni yaing'ono imodzi? WHO imati usapyole magalamu 5, koma anthu padziko lonse amadya kuwirikiza kawiri. Taonani mphika umodzi wa ndiwo: usipa wouma wothiridwa kale mchere kunyanja, kenako kachibulu kokometsera ndiwo kamene nakonso n'kodzaza mchere, kenako dzanja la wophika, ndipo mbale ikafika pamkeka bambo amawazanso wina asanalawe n'komwe. Pambali pali therere la soda, ndipo soda ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mu mchere. Kuviika nsomba zouma m'madzi n'kutaya madziwo, kusankha chimodzi pakati pa kachibulu ndi mchere, ndi kuchotsa kambale ka mchere podyera, zimenezi zimathandiza banja lonse. Masiku oyamba ndiwo zimamveka zosakolera, koma pakapita masabata ochepa lilime limazolowera. Dziko la South Africa linafika pokhazikitsa malamulo mu 2013 oika malire a mchere mu buledi, soseji, supu wa m'mapaketi ndi zakudya zina za m'fakitale, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2016.

Kodi mumadziwa kuti botolo limodzi la chakumwa chozizilitsa kukhosi la mamililita 300 limatha kukhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 8? Mlingo umene WHO imati munthu wamkulu asapyole pa tsiku ndi masupuni 12, kuphatikiza wa mu tiyi, mu phala ndi mu thobwa.

Kodi mumadziwa kuti matenda a shuga ndi a mtima amayendera limodzi? Munthu wa shuga ali pa chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi amene alibe. Shuga amawononganso maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuwonda ukudya bwino ndi chilonda chosapola msanga ndi zifukwa zokwanira zokayezetsera. Wa shuga aziyang'ana mapazi ake madzulo alionse, mpaka pakati pa zala, chifukwa minga kapena msomali zimatha kumulasa iye osamva. Kafukufuku uja wa 2009 anapeza shuga mwa akuluakulu pafupifupi 6 pa 100 alionse. Mankhwala a shuga otchedwa insulini anatulukiridwa ku Toronto mu 1921, ndipo tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, 14 November, ndi tsiku lobadwa la Frederick Banting, mmodzi mwa amene anawatulukira.

Kodi mumadziwa kuti zilonda za pakhosi za mwana zikhoza kumuwonongera mtima moyo wake wonse? Makolo, iyi ndi yanu. Pali tizilombo tina timene timayambitsa zilonda za pakhosi makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15. Mwana akapanda kulandira mankhwala, thupi lake polimbana ndi tizilomboto limatha kuvulaza tizitseko ta mumtima timene timaongolera magazi. Pakatha masabata awiri kapena atatu mwana amatentha thupi, mawondo ndi zigongono zimatupa n'kumapweteka mosinthanasinthana. Zikabwerezabwereza, mtima umafooka, ndipo mumadzaona mtsikana wa zaka 17 akupuma wefuwefu pokwera kachitunda, miyendo itatupa, kapena mayi wachitsikana akuvutika pa mimba yake yoyamba. Matendawa anatsala pang'ono kutheratu m'maiko olemera, koma akupha anthu pafupifupi 300,000 pa chaka, ambiri mwa iwo m'maiko osauka kumene anthu amagona mothithikana. Chimene chimapweteka mtima n'chakuti mankhwala ake ndi penisilini, wotchipa komanso wodziwika kalekale. Mwana amene wapezeka kale ndi vutoli amabayidwa jakisoni pa masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri, ndipo jakisoni ameneyu si wodumphitsa.

Kodi mumadziwa kuti BP imatha kukwera chifukwa cha mimba, makamaka ikapyola masabata 20? Mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, ndi kutupa nkhope ndi manja ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala. N'chifukwa chake kusikelo amayeza BP ulendo uliwonse. Mayi amene zinamuchitikirapo apitirize kuyezetsa ngakhale mwana atakula.

Kodi mumadziwa kuti utsi wa nkhuni ndi makala sumangowononga mapapo okha? WHO inati mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu 3.2 miliyoni, ndipo oposa theka la iwo anafa ndi matenda a mtima ndi sitiroko. Kitchini ikhale ndi potulukira utsi, nkhuni zikhale zouma, ndipo mbaula yosunga moto ngati chitetezo mbaula imachepetsako utsi. Fodya naye, kaya ndi ndudu ya m'paketi kaya chingambwe, amaumitsa mitsempha. Koma munthu akasiya, pakangotha chaka chimodzi chiopsezo chake cha matenda a mtima chimatsika pafupifupi ndi theka.

Kodi mumadziwa kuti umboni woyamba wamphamvu woti kuyendayenda kumateteza mtima unachokera m'mabasi? Mu 1953 dokotala Jerry Morris anafalitsa zimene anapeza mwa ogwira ntchito m'mabasi osanjikiza a mu London. Makondakitala, amene ankakwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse akudula matikiti, ankadwala mtima mocheperapo kusiyana ndi madalaivala amene ankangokhala pa chiwongolero. Lero WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yotulutsako thukuta. Kulima, kutunga madzi, kuyenda ndawala ndi kuvina zonse zimawerengedwa. Amene ayenera kusamala ndi ife a m'maofesi, ogulitsa m'mashopu ndi oyendetsa galimoto.

Kodi mumadziwa kuti dera lathunthu likhoza kusintha mbiri yake? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, amuna a m'chigawo cha North Karelia ku Finland ankafa ndi mtima mochuluka kuposa pafupifupi kwina kulikonse padziko, ambiri ali alimi ndi odula mitengo amphamvu zawo. Eni dera anadandaula kuboma, ndipo mu 1972 ntchito inayamba motsogozedwa ndi dokotala wachinyamata Pekka Puska. Sanadikire odwala kuchipatala. Analowa m'midzi, m'masukulu, m'mashopu ndi m'mafakitale a zakudya, ndipo bungwe la amayi apakhomo lotchedwa Martha linkaphunzitsa kaphikidwe kochepetsa batala ndi mchere. Patatha zaka pafupifupi 40, imfa za mtima mwa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinali zitatsika ndi magawo oposa 80 pa 100. Ku Los Angeles nako, kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anachitikira m'malo ometera tsitsi 52. Ometa ankalimbikitsa makasitomala awo, amuna achikuda, kuyezetsa BP, ndipo m'malo ena mwa amenewa akatswiri a mankhwala ankakumana nawo momwemo. Patatha miyezi 6, mwa amene ankakumana ndi akatswiriwo, pafupifupi awiri mwa atatu alionse BP yawo inali itatsika kufika pabwino. Amuna amene sapita kuchipatala anapezeka pampando wometera. Kwathu kunonso chitsanzo chilipo: ku Neno, kuyambira mu 2015, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza chithandizo cha HIV ndi cha BP, shuga, mphumu ndi khunyu pa kiliniki imodzi, kuti wodwala asamayende maulendo awiri. Ine ndimaona kuti malo tili nawo kale: banki m'khonde, mvano, dawa, msonkhano wa kwa mfumu, siteji ya akabaza, bwalo la mpira Lamlungu. Chosowa ndi kachipangizo kamodzi, mabatire, ndi munthu wophunzitsidwa kukagwiritsa ntchito.

Pa 17 May dziko limakumbukira za BP, ndipo pa 29 September ndi tsiku la mtima. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, mafumu ndi a makomiti a zaumoyo, kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti pa masiku amenewa anthu adzayezedwe pomwe amasonkhana kale. Inu owerenga musadikire masikuwo. Ngati patha chaka musanayezetse BP, pitani sabata ino, mutenge buku lanu lakuchipatala, ndipo mutengenso amayi kapena abambo anu.