Galu wanjala salonda khola

Kwa Kalembo, m'boma la Balaka, chiweto chikasowa mlandu suchedwa kuweruzidwa. Anapiye akachepa masana, ndi likongwe kapena mphamba. Nthenga zikapezeka zitamwazika kuseri kwa nkhokwe m'mamawa, ndi vumbwe. Ikakhala mbuzi, palibenso kufunsa, ndi fisi. Kawirikawiri anthu amakhala akunena zoona, poti derali lagundana ndi nkhalango ya Liwonde, ndipo wochoka pa Ulongwe kulowera ku mtsinje wa Shire sachedwa kufika pampanda wake. Koma pa mlanduwu pali mmodzi amene safunsidwa, chonsecho ndiye anapatsidwa ntchito ya ulonda. Galu anali kuti?

Yankho lake n'losasangalatsa: anali kosaka. Galu amene sapatsidwa chakudya pakhomo amadzifunira yekha, ndipo amadya zomwezo zimene vumbwe ndi nkhandwe amadya: mbewa, akalulu, abuluzi, mazira a nkhanga. Zikasowa kutchire amatembenukira pabwalo pomwepo. Galu woti walawa dzira la nkhuku sasiya, amachita kununkhiza pamene thadzi laikira, ndipo mwini nkhuku amangotukwana likongwe wosalakwa. Choncho pakhomo pamene pali galu wanjala sipakhala mlonda, pamakhala chilombo china chimene sichiopa anthu.

Ena amati galu akakhuta amachita ulesi, njala ndiyo imam'patsa ukali. Mawuwa amachokera ku uzimba, kumene galu amafunika kuthamangitsa nyama mpaka kuigwira. Ulonda ndi ntchito ina. Galu mmodzi sangalimbane ndi fisi, ndipo afisi amadya agalu kumene. Phindu lake ndi kuuwa kokha, kudzutsa eni nyumba kuti atuluke ndi tochi ndi chibonga. Kuti auwe ayenera kukhalapo, ndipo galu amagona pamene amadya.

Vuto lalikulu silili pa nkhuku ayi, lili pa matenda. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalango ya Liwonde mu 2015, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, linamanga mpanda wamagetsi n'kubwezeretsa nyama zolusa zimene zinatha: akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, mimbulu mu 2021. Mpandawo unamangidwira njovu ndi nyama zikuluzikulu. Kanyama kakang'ono kamapeza pobowola, ndipo nkhandwe, afisi ndi alikongwe ambiri amakhala kunja komweko, m'mapiri ndi m'madambo. Galu woyendayenda usiku amakumana nazo, amalumana nazo, mawa lake n'kumasewera ndi ana pabwalo. Umu ndi mmene chiwewe chimayendera, ndipo sichiyenda njira imodzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu onse odwala chiwewe, 99 mwa 100 alionse, amachitenga kwa agalu, ndipo zizindikiro zikangoyamba munthu sapulumuka. Nyama zakutchire nazo zimavutika ndi matenda a agalu athu. Ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, nthenda ya agalu yotchedwa distemper inapha mikango pafupifupi 1,000 mu 1994. Mimbulu, imene ndi yochepa kale mu Africa muno, ndiyo sipirira chiwewe n'komwe, chifukwa imanyambitana ndi kudyera pamodzi.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi umphawi, ndipo sitingachinyoze. Balaka ndi boma louma, mvula imavuta zaka zambiri, ndiye banja limene likudya kamodzi patsiku ungaliuze bwanji kuti lipikulire galu nsima? Funsoli ndi loona, koma likuloza kwina: kuchuluka kwa agalu. Khomo limene silingadyetse agalu anayi lingathe kudyetsa mmodzi ndi phala la madeya, mkute ndi mitu ya usipa. Thadzi limodzi lopulumuka, pamodzi ndi anapiye ake, limabweza madeyawo kangapo. Katemera wa chiwewe naye safuna kuti galu aliyense m'dera agwidwe. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa chaka ndi chaka nthendayi imasiya kufala, ndipo ndi mulingo umenewu umene bungwe la Mission Rabies lakhala likutsata ku Blantyre kuyambira 2015.

Tisam'senzetsenso galu katundu yense. Ngakhale wokhuta sangaletse mphamba kutsika kuchokera m'mwamba, ndipo vumbwe amayenda mwakachetechete moti nthawi zina sadzutsa aliyense. Apa chimathandiza ndi khola la m'mwamba, lomangidwa pa mitengo italiitali, makwerero ake n'kumachotsedwa dzuwa likalowa, komanso chitete chovindikira anapiye masana mpaka atamera nthenga. Poizoni amene ena amathira pa nyama yotsala kuti aphe fisi amapha miimba ndi agalu a eni mudzi omwe, kuphatikizapo uja wodyetsedwa bwino akangomasuka pa chingwe usiku umodzi.