Madzi Saiwala Khwawa: Gawo Lachitatu

M'gawo lapitalo, Nambewe anapeza mabikoni anayi atazikidwa m'dambo la kumtunda kwa dimba lake, m'mbali mwa mtsinje wa Likangala ku Zomba. Mphekesera inali yoti mkulu wina wa bizinesi akufuna kumangapo hositelo ya ana a ku yunivesite.

Lolemba m'mawa Nambewe sanapite kumsika. Anasiyira mnzake dengu la mpiru ndi tomato, navala chitenje chake cha ku tchalitchi, n'kukwera kabaza wa ku khonsolo. Anadikira pabenchi mpaka dzuwa litakwera, kenako anamulowetsa kwa mtsikana wina wa ku mapulani, wamsinkhu wa mng'ono wake.

"Takulandirani, mayi. Tikuthandizeni chiyani?"

"Ine ndabwerera dambo la kwathu, chemwali. Akuti lagulidwa."

Mtsikanayo anatambasula mapu aakulu patebulo, nakanikiza m'makona ndi buku ndi kapu kuti asapindike. Analondola ndi chala mzere wa Likangala kuchokera kuphiri, kudutsa ku Mpondabwino, kutsetsereka cha ku Chikanda mpaka kunja kwa mzinda, kumene mtsinjewo umalunjika ku nyanja ya Chilwa. Malo ena anali opakidwa utoto wosonyeza nyumba zogonamo, ena masitolo, ena sukulu. Dambo lija linali lobiriwira.

"Kugula n'kwina, kumanga n'kwinanso," iye anatero. "Lamulo la mapulani la 2016 likuti munthu asamange mumzinda popanda chilolezo, ngakhale malowo akhale ake. Ndiye apa pobiriwirapa ndi pamene tinasiyira madzi. Wofuna kumangapo ayenera kupempha kaye kuti malowa asinthidwe ntchito. Komiti ikavomera, m'pamene tiyang'ane pulani ya nyumba yakeyo."

"Nanga mwavomera?"

"Ulendo woyamba ndinalemba kuti zisatheke. Pulani yake ndi yothira dothi m'dambomo kuti pakwere, n'kuzunguliza mpanda wa njerwa. Hositeloyo ikhala pouma ndithu. Koma madzi amene amagona m'dambomo mtsinje ukadzaza sadzabwerera kuphiri ayi. Adzafuna kolowera, ndipo kumunsi kwake kuli inu."

Nambewe anali asanaonepo mapu a kwawo chibadwire, koma izi sanafunike kuuzidwa kawiri. Chaka chilichonse amaona dambolo likumwa madzi mu Januwale n'kumawabweza pang'onopang'ono mpaka mu Seputembala, ndipo mpiru wake umakula ndi madzi omwewo.

"Ndiye nkhani inatha," anatero akumanga bwino mpango.

"Sinathe, mayi. Wapemphanso. Ulendo uno wabweretsa kalata ya anthu oyandikana ndi malowo, yonena kuti iwo alibe dandaulo, komanso kuti madzi sanafikepo pamenepo, ngakhale nthawi ya namondwe wa Freddy. Lachinayi komiti ikubwera kudzaona malowo, ndipo kalatayi idzawerengedwa pagulu. Si chinsinsi."

Anaitembenuza kuti Nambewe aione. Panali chidindo cha amfumu, zala zisanu za inki, ndi mayina atatu olembedwa pamanja. Nambewe analekeza sukulu Sitandade 6, koma dzina lachiwirilo akanalizindikira ndi mumdima momwe. Chilembo choyamba chinali chopendekera kumanzere, monga chinapendekera m'kaundula wa ukwati wawo.

Pobwerera sanakwere kabaza. Anayenda wapansi.

Amuna ake, Aphiri, anafika dzuwa litalowa, simenti ili mbuu m'miyendo, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Anapeza madzi osamba ali kale kubafa, nsima ili yovundikira. Nambewe anawasiya adye kaye. Ana atagona, anatulutsa mpando pakhonde.

"Bambo, ndinali ku khonsolo."

Aphiri sanayankhe. Anayang'ana cha kumtengo wa mango umene uli m'malire a dimba ndi dambo.

"Mu Malichi 2023 munabereka mayi anga kumsana, madzi ali m'chifuwa, kuchokera pakhomo pano mpaka kumsewu. Madzi ataphwera munatenga msomali wa mainchesi sikisi n'kuukhoma pa mango apo, mukuti ana adzadziwe pamene analekeza. Lero mwasainira kuti madzi sanafikepo?"

"Nambewe, tamvera kaye."

"Ndikumva."

Anayamba ndi za mzinda, monga achitira amuna akamaopa kufika pa zawo. Anati likulu linachoka ku Zomba mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsatira mu 1994, ndipo chitsalireni mzinda uno umadya za ana a sukulu, asilikali ndi apolisi. Anati ana a ku yunivesite akuthinana m'tizipinda ta ku Chikanda, ena kusamba m'mabafa a masaka, pamene makolo awo akulipira lendi mwezi ndi mwezi. Kodi n'kulakwa kuwamangira pogona pabwino? Anati mmisiri ngati iye wakhala chaka chonse akungopaka pulasitala m'nyumba za eni, ndipo bwana wa hositeloyo wamulonjeza ukapitawo kuyambira pa maziko mpaka denga.

Zonsezi zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhani zotere zimavuta. Ana a sukulu akufunikadi pogona, amisiri akufunikadi ntchito. Koma m'mawu onsewo munalibe ndi limodzi lomwe loyankha funso la kumene madzi adzapite.

"Malo ouma atha mu Zomba muno?" Nambewe anafunsa.

"Ouma ndi odula. Dambo amfumu anapereka motchipa."

"A ku khonsolo akuti mumzinda mfumu sigawa malo."

"Akunena iwowo. Ifeyo pano anatipatsa ndani?"

Apa Nambewe anakhala chete, pakuti nawonso pokhala pawo anapapeza ndi kapepala ka amfumu. Lisi analibe. Theka la anthu a m'dera lawo linakhala choncho, ndipo aliyense amaopa kuti akakweza mawu ku khonsolo, mapu omwewo adzamutembenukira.

Aphiri anatsitsa mawu. "Pali china. Fizi ya mwana ya materemu awiri aja, unkayesa ndinaitenga kuti?"

"Munati munalandira ya ntchito ya ku Matawale."

"Ya ku Matawale sanandilipire mpaka lero. Ndinakongola kwa bwanayo. Anandilembetsa pepala. Chikole chake ndi nyumba ino ndi dimba."

"Dimba la mayi anga?"

"Anati hositelo ikavomerezedwa, pepalalo aling'amba pamaso panga. Ikakanika chifukwa cha pakamwa panga, ndibweze zonse ndi chiwongoladzanja mwezi usanathe."

Nambewe anadzuka, nalowa m'nyumba, nakagona kuchipinda kwa ana. Lachiwiri ndi Lachitatu anaphika, anachapa, anathirira mbewu, koma kwa mwamuna wake sanalankhule kupyola moni. Lachitatu madzulo anamuona akupita ku mango kuja ndi hamala m'manja. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anabwerera. Nambewe sanapite kukaona ngati msomali unalipo.

Lachinayi galimoto ziwiri zinaima kumsewu cha m'ma 10 koloko. Munatsika makhansala, injiniya, wa zachilengedwe, ndi mtsikana uja atakumbatira mapu ake. Bwana wa hositelo anali atafika kale, atavala jombo zatsopano, akupereka moni wa manja awiri kwa aliyense. Amfumu anakhala pampando pansi pa mthunzi. Anthu anabwera ambiri: amayi a madimba, anyamata okumba mchenga mumtsinje, ndi ana asukulu angapo amene anamva kuti kukubwera hositelo.

Unali mwezi wa Okutobala. Dambo linali gwa, udzu utapsa, ng'amba zili paliponse. Munthu wobwera tsiku limenelo akanalumbira kuti pamenepo sipanayambe paimapo madzi, ndipo Nambewe anazindikira chifukwa chake bwanayo anadikira chilimwe kuti apemphenso.

Kalata inawerengedwa. Wapampando wa komiti, bambo wachikulire wa imvi, anafunsa ngati pali wotsutsa. Amayi a madimba anayang'anana, kenako onse anayang'ana pansi. Amfumu anakhosomola.

"Ine ndili nawo mawu," anatero Nambewe. Mawu ake ananjenjemera, koma anaimirira. "Musafunse ife, bambo. Tiyeni pa mango apo."

Gulu lonse linamutsatira. Mtima wake unkagunda mpaka m'makutu, pakuti sankadziwa chimene akachipeze. Atafika anasuzumira kuseri kwa thunthu. Msomali unalipo, wadzimbiri, khungwa litayamba kuumeza. Injiniya anatulutsa tepi, nayeza kuchokera pansi, nayang'ana kumene kunali mabikoni, n'kulemba m'kabuku kake osanena kanthu.

"Msomali ndi msomali," anatero bwana uja akumwetulira. "Mwina wina ankapachikapo jekete."

"Anakhoma ndani?" wapampando anafunsa.

"Amuna anga."

"Dzina lawo?"

Nambewe analitchula. Mtsikana wa ku mapulani anayang'ana pa kalata ija, naloza ndi chala mzere wachiwiri, n'kuonetsa wapampando. Nkhope ya mkuluyo inasintha.

"Ali pano bambo amenewa?"

Anthu anapatuka. Aphiri anali kumbuyo kwenikweni, chipewa chili m'manja. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo, mkazi wawo ali kudzanja lamanja, bwana uja kumanzere. Bwanayo anapisa m'thumba la malaya, natulutsa pepala lopinda kanayi, nayamba kudzikupiza nalo ngati wamva kutentha.

"Bambo," anatero wapampando, "dzina lanu lili pa kalata yonena kuti madzi sanafikepo pano. Mayi akunyumba akuti msomali uwu munakhoma ndinu. Zimene munene zilembedwa, ndipo komiti igamula potengera zimenezo. Tiuzeni: Freddy atabwera, madzi analekeza pati?"

Aphiri anakweza dzanja kuti aloze. Lisanafike pena paliponse, amfumu anadzuka pampando ndi liwiro limene palibe anawaonapo nalo.

"Asanayankhe ameneyo," anatero amfumu, "pali chimene komiti iyenera kudziwa za nyumba imene iye akukhalamo."

Ipitirira.