Pa ulendo wa njinga yamoto, sungani mbewu yopakiza

Achimwene, mwati mukufuna kukwera njinga yamoto kuchoka kuno ku Chalimbana mpaka ku Lilongwe, mwinanso kutsikira ku Blantyre kapena ku Tete, ndipo mukufunsa mwezi wabwino wonyamukira. Funso limeneli ndi lomwe mlimi aliyense wa ku Chongwe amadzifunsa akagwira thumba la mbewu.

Makolo athu sankavutika nalo. Chizimalupsa chikagwa mu October, ankadziwa kuti mvula ya mu November ndiyo yobzalira. Lero wobzala poyang'ana kalendala amalira. Mu 2024 mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chinauma chisanabereke, mpaka pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Mu March 2023 namondwe Freddy anakokolola misewu ndi milatho kum'mwera kwa Malawi, ndipo mu January 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete. Kunena zoona, May mpaka August ikadali miyezi yabwino, bola jekete yakumphepo. Koma mwezi paokha sungakulondolereni.

Mlimi wochenjera amapisa chala m'dothi kuti amve ngati lanyowa mokwanira. Inunso madzulo aliwonse mverani zimene a Zambia Meteorological Department alengeza, mukawoloka malire pa Mwami muzimvera a zanyengo a ku Malawi. Madalaivala a malole amene amaima pa Luangwa Bridge kugula nsomba afunseninso, chifukwa msewu umene mukulowa iwo autuluka kumene.

Nkhani yaikulu ndi mbewu yopakiza. Palibe amene amathira thumba lonse m'nthaka tsiku limodzi. Amasiyako ina kuti ng'amba ikapsereza yoyamba adzabwerezenso. Mbewu yanu yopakiza ndi masiku. Kuchoka kuno kukafika ku Chipata ndi makilomita oposa 500, ndipo anyamata amanyadira kumaliza mtunda wonsewo dzuwa lisanalowe. Asiyeni. Gonani ku Nyimba kapena ku Petauke, ndipo pa masiku atatu aliwonse oyenda onjezani limodzi lopanda chochita. Munthu wopanda tsiku lapadera ndi amene amalowa m'madzi osefukira pamlatho, poti mawa akumuyembekeza.

Mvula yoyamba muziiopa kuposa yachikhalire. Mafuta amene magalimoto akhala akudontheza chilimwe chonse amayandama pa phula, ndiye pa makona a m'mapiri, pakati pa Rufunsa ndi Luangwa, tayala limaterereka musanaganize n'komwe zogwira buleki. Mu October chigwa cha Luangwa chimawotcha kwambiri. Dutsani m'mamawa, madzi akumwa ali m'chikwama.

Chilala nachonso chimamupeza wapaulendo. Madzi atachepa ku Kariba mu 2024, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo popanda jenereta pampu ya petulo siipopa, netiweki nayo imathawa ndi ndalama zanu za pafoni. Choncho thanki ikafika theka thirani, ndipo ndalama zina zikhale m'thumba, kwacha ya kuno ndi ya ku Malawi. Pasipoti, mapepala a njinga ndi inshuwalansi ya COMESA Yellow Card muzikulunge m'pulasitiki, muziike mkati mwa jekete osati m'katundu wa kumbuyo.