NJINGA YA MOTO NDI MWINI WACHE: PHUNZIRO LA KU SHABANI

Abale athu amene akhala ku Zvishavane, mudzi umene makolo athu anaudziwa ndi dzina la Shabani kufikira chaka cha 1982, achidziwa bwino chinthu chimene tifuna kukamba lero. Munthu auka m'mamawa ku Mandava kapena ku Maglas, nakwera njinga yache ya moto, katundu ali kumbuyo, ulendo wa ku Mberengwa. Ndipo atayenda mitunda ingapo njinga itsokomola kawiri, niima pakati pa tchire. Pamenepo tiona anthu a mitundu iwiri. Wina atsika, nayang'ana njinga yache monga ng'ombe ya eni ache yomugwera m'manja, nayamba kuikankha dzuwa lili pa liwombo, nakalipira mmisiri ndalama za masiku awiri chifukwa cha kanthu kakang'ono. Wina atsika, namasula kathumba ka zitsulo, ndipo madzi a tiyi asanawire iye ali pa ulendo. Kodi wachiwiriyo anabadwa ndi sipanala m'manja? Iai, anachita kuphunzira. Ndipo njira imene anaphunzira nayo ndi yakale pa mudzi umenewo, pakuti anailambula ndi agogo athu a pa mgodi.

Anyamata a Sipanala

Mgodi wa Shabanie unayamba chaka cha 1916, ndipo njanje inafikako chaka cha 1928 kuchokera ku Somabhula. Chimene anali kukumba ndicho asibesitosi, mwala wokhala ndi ulusi monga thonje, umene supsya ndi moto. Amuna a ku Nyasaland, a ku Fort Jameson ndi a ku Tete anafika ambiri, ena atayenda pansi masabata, kuoloka Zambezi ndi kudzera ku Mutoko. Bungwe limene Boma la Nyasaland linaika chaka cha 1935 kuti lifufuze za anthu opita kunja linayesa kuti amuna 120,000 anali kunja kwa dziko lao. Pakati pao panali ena amene anaphunzira umisiri ku Blantyre, kapena ku sukulu ya Livingstonia imene Dr Robert Laws anaiyamba chaka cha 1894, ndipo manja ao anali ozolowera kale zitsulo ndi matabwa.

Koma ku Southern Rhodesia anapeza chitseko chotseka. Lamulo la chaka cha 1934, lochedwa Industrial Conciliation Act, silinawerengera munthu wakuda pakati pa anchito amene lamulolo linawasunga; motero umisiri wa makina ndi mapepala ache zinakhala za Azungu, ndipo pa nkhani imeneyi lamulo silinasinthika kufikira chaka cha 1959. Nchito ya munthu wakuda m'wekishopu ya mgodi inali kusenza bokosi la zitsulo, kupatsira fitala sipanala, ndi kutsuka zitsulo m'parafini.

Tsono lamulo silikhoza kumanga maso a munthu. Iye wotsuka zitsulo agwira chitsulo chiri chonse m'manja mwache, naona pamene chadyeka ndi pamene chikali chabwino. Iye wopatsira sipanala akalipiridwa akapereka yolakwika, chifukwa chache aphunzira kudziwiratu imene idzafunika pambuyo pache. Ndipo wodziwa zimenezo wadziwa kale dongosolo la nchito yonse. Zitapita zaka, khutu lache lizindikira kulira kwa pampu yodwala asanaitsegule munthu. Ambiri anakalamba akuchedwa anyamata, malipiro ao nakhala a anyamata, koma nzeru imene anapita nayo ku komboni madzulo inali ya amisiri enieni.

Njinga ya Kapalasa Ndiyo Sukulu Yoyamba

Ku komboni nzeruyo inapeza pogwira. Mwamuna wa pa mgodi anali kusunga ndalama kuti agule njinga, kaya Raleigh, kaya Humber, kaya Hercules, imene adzapita nayo kwao pamodzi ndi makina osokera, kuti anthu asanene kuti anapita ku Halale kukangotha zaka. Tsiku Lamulungu masana njinga zinali kugona chagada pansi pa mtengo. Apa wina alinkumata chubu, apo wina alinkukunga masipoko kuti gudumu liongoke, ndipo mwana wagwira pampu, maso ali pa zala za atate wache. Panalibe wonena kuti iyi ndi sukulu, koma ana anatulukamo odziwa kuti chinthu chomangidwa ndi munthu chikhoza kumasulidwa ndi munthu, ndi kumangidwanso.

Pamene njinga zazing'ono za moto zinayamba kuchuluka pa dziko, monga BSA Bantam ya ku England imene inatuluka chaka cha 1948, ndi Honda Super Cub ya ku Japan ya chaka cha 1958, munthu woleredwa chotero anapeza kuti theka la njingayo alidziwa kale. Magudumu, masipoko, tcheni, chubu, zonsezi ndi abale a zija za pansi pa mtengo. Chachilendo chinali injini yokha.

Kampani ya ku England ya Turner & Newall, imene inakhala mwini mgodi zaka zambiri, inaugulitsa chaka cha 1996; Boma linaulowerera chaka cha 2004, ndipo patapita zaka zowerengeka zigayo zinaima, anthu zikwi natsala opanda malipiro. Nyumba zina za mgodi zinasanduka makalasi a Midlands State University chaka cha 2015. Mgodi wa pulatinamu wa Mimosa ndi wa dayamondi wa Murowa inalemba ena, koma siinakhoza kulemba onse. Masiku ano njinga za moto za ku China ndi ku India, zotsika mtengo, zichita nchito ya kunyamula katundu ndi anthu ku midzi ndi ku maenje a golide, monga achitira anyamata a kabaza ku Lilongwe ndi ku Chipata. Kwa munthu wotere njinga ndilo khasu lache, ndipo tsiku limene yagona ana agonanso ndi njala. Ndicho chifukwa chache tinena kuti nzeru ya agogo aja ifunika lero koposa kale.

Zinthu Zitatu Zimene Injini Ifuna

Chimene chiopsya anthu ndicho kuti injini ili yotseka, ndipo zochitika m'kati mwache sizioneka. Koma mulibe mankhwala m'menemo. Muli chitsulo chonga mtsuko, ndi m'kati mwache pisitoni wokwera ndi kutsika. Potsika akoka mpweya wosakaniza ndi petulo, pokwera aupanikiza, pulagi aponya kamoto, mpweya uphulika nukankha pisitoni pansi ndi mphamvu, ndipo pokweranso atulutsa utsi. Maulendo anai amenewa abwerezedwa kambirimbiri pa mphindi imodzi, ndiko kulira kumene mukumva. Motero injini ifuna zinthu zitatu: petulo, moto, ndi kupanikiza. Ikakana kulira, chimodzi cha zitatuzi chasowa, ndipo mwini wache achifune mwa dongosolo, kuyambira chapafupi.

Yambani ndi petulo. Gwedezani thanki, penyani ngati kampopi kali kotsegula, ndipo masulani kabauti ka pansi pa kabuleta muone ngati petulo atuluka woyera. Kuyambira chaka cha 2013 lamulo la Zimbabwe lifuna kuti petulo asakanizidwe ndi mafuta a nzimbe, monga achitira ku Malawi kuyambira chaka cha 1982. Mafuta a nzimbewo akoka chinyezi. Chifukwa chache njinga ikakhala masabata ambiri yosayenda, madzi ndi zinyalala zidikha pansi pa kabuleta, nizitseka timabowo tache. Ambiri alipira ndalama zambiri pa nthenda imene mankhwala ache ndi kukhetsa ndi kutsuka basi.

Petulo akafika, penyani moto. Zulani pulagi, mubwezere chingwe chache, mugoneke chitsulo chache pa injini kutali ndi petulo, osagwira ndi dzanja lamaliseche, ndipo pondani kiki. Kamoto kobiriwira kakalumpha, moto ulipo. Pulagi yemweyo ndiye mboni ya za m'kati. Nsonga yache ikakhala yofiirira monga dothi louma la pa chulu, injini ili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo wachuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka. Ikanyowa ndi oilo, zitsulo za m'kati zatha. Ikayera mbuu, petulo wachepa ndipo injini ilinkutentha kopambana muyeso.

Chachitatu ndi kupanikiza. Zimani kiyi, tsekani bowo la pulagi ndi chala chachikulu, mnzanu aponde kiki. Mpweya ukakankha chala ndi mphamvu, zili bwino. Ukangopuma mofooka, nthenda ili m'kati, ndipo imeneyo si nchito ya pa mseu.

Pobwezera pulagi, yambani kupota ndi zala, sipanala abwere pomariza. Mutu wa injini ndi chitsulo chofewa, ndipo wokakamiza ndi mphamvu adula mazinga, kanchito ka mphindi zisanu nikasanduka mlandu wa sabata. Phunziro ili buku silikhoza kulipereka lonse. Dzanja lokha lidziwa pamene bauti wakwana, ndipo lidziwa mwa kubwereza.

Walira Mvula Walira Matope

Wogula njinga wagula pamodzi ndi girisi wache. Nthenda zambiri za pa mseu zibadwira ku nyumba, pa zinthu zimene mwini wache anazinyozera. Tcheni itsukidwe ndi parafini, idzozedwe oilo, ndipo ikhale yolenda monga zala ziwiri pakati pache. Yothina ithetsa zitsulo zimene ikoka, ndipo yolenda kwambiri ikhoza kuvuka ndi kugwetsa munthu. Injini zazing'onozi zisunga oilo wochepa, monga lita imodzi, amene akuda msanga. Asinthidwe pa mitunda imene kabuku ka njinga kanena, ndipo oyenda m'fumbi asadikire kufikira pamenepo. Miseu ya ku Mberengwa ndi ku Mazvihwa m'chilimwe ili ndi fumbi lambiri, ndipo fumbi lolowa m'injini lipala zitsulo monga mchenga upala mphika. Sefa ya mpweya ndiye mlonda wache, itsukidwe kawirikawiri.

Pali chenjezo limene ana a Shabani ayenera kulimva koposa onse. Asibesitosi anali kulowa m'zikopa za mabuleki, ndipo kampani yochuka ya mabuleki ya Ferodo inali ya eni ache omwewo a Turner & Newall. Lero kudziwika kuti ulusi wa mwala umenewu ukalowa m'mapapo ubala nthenda zoopsya zimene zioneka patapita zaka zambiri, ndipo maiko ambiri anauletsa. Pakuti wogula sakhoza kuzindikira ndi maso chimene chili m'zikopa zotsika mtengo, potsegula buleki musauzire fumbi lache ndi pakamwa kapena ndi pampu. Lipukuteni ndi nsanza yonyowa, nimuitaye kutali ndi ana.

Kulimba Mtima Kuchokera Kuti?

Mau sapatsa munthu mtima wolimba pa nchito imeneyi. Ubwera tsiku limene njinga yakufa yalira chifukwa cha manja ache a iye mwini. Kuyambira pamenepo sayang'ananso injini monga mlendo. Chifukwa chache woyamba ayambe ndi zazing'ono, ndipo aziyambire pa khomo pache tsiku lopuma, osati pa tchire dzuwa litapendeka. Sabata ino kumata chubu, sabata yamawa tcheni, pambuyo pache pulagi ndi oilo, kenaka kabuleta. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Amisiri akale anali kuyala thumba pansi, ndi kuika chitsulo chiri chonse pa mzere monga anachichotsera, kuti pobwezera ayambe ndi chomariza. Mwambo umenewu sunakalamba. Wa lero ali ndi mwai woposa, pakuti akhoza kujambula ndi foni asanamasule kanthu. Zitsulo zofunika si zambiri: masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, sipanala wa pulagi, pulaya, chopotera masikuluwu, zigamba, pampu, ndi pulagi wapadera wokulunga m'nsanza. Sipanala wosakwana bwino adya mutu wa bauti, motero ndi bwino kugula ochepa olimba koposa ambiri ofewa.

Kulakwa kudzabwera ndithu. Palibe mmisiri amene sanadulepo bauti kapena kutsala ndi kachitsulo m'manja njinga itatha kumangidwa. Chofunika ndi kudziwa malire. Za m'kati mwa injini, ndi mabuleki amene moyo wa munthu ndi wa wokwera naye udalira, woyamba asaziyese yekha. Safunsa anadya phula. Apite kwa mmisiri, amlipire mokondwa, koma asasiye njinga ndi kupita ku mowa. Akhale pomwepo, apatsire sipanala, atsuke zitsulo, afunse mwaulemu. Ndalama yomweyo idzagula zinthu ziwiri, kukonza kwa lero ndi nzeru ya mawa.

Tsono tipempha akulu athu, mafitala ndi amisiri amene mgodi unawasiya, amene akali ku Maglas, ku Kandodo ndi ku Mandava: musapite nayo nzeru kumanda. Agogo anu anaitola mobisa pamene lamulo linali kuwakaniza. Inu palibe wokuletsani kuipereka poyera. Itanani mnyamata wa pafupi nanu, ngakhale mtsikana amene aonetsa chifuniro, mumgwiritse sipanala, ndipo akalakwa musamlande, koma mumuuze ayesenso. Ndi inu anyamata, pakuona mkulu atawerama pa injini pansi pa mtengo, musapitirire ndi moni wokha. Khalani pansi, mufunse ngati pali chitsulo chofuna kutsuka.