Banga la Mankhwala Lisaletse Wodwala Kuchira

Mankhwala ena a kuchipatala amathimbiriritsa nsalu. Chifukwa cha ichi alipo amayi amene amaleka kupaka mwana mankhwala poopa kuononga shawelo, ndipo ena amaleka kumwa mankhwala oonjezera magazi chifukwa adadonthera pa bulauzi. Kutero nkulakwa kwakukulu. Banga liri ndi machotsedwe ake, koma matenda osiyidwira panjira amabweranso mwamphamvu.

Banga liri lonse lifunika kulichapa msanga ndi madzi ozizira. Madzi otentha ndi nsimbi zimalikhazikitsa mu ulusi, choncho nsalu isasitidwe banga lisanachoke. Nsalu zopyapyala monga duku la silika, lesi ndi majuzi a ubweya siziyenera kupunthidwa pamwala kapena kuchikichidwa mwamphamvu. Wochapa aike kansalu koyera kunsi kwa banga, ndi kumadinda pamwamba ndi thonje lonyowa kuti utoto utsikire m'kansaluko. Chiri chonse chochotsera banga ayambe wachiyesa pa mpendero wa mkati, kuti aone ngati nsaluyo siisuluka.

Utoto wa GV, mankhwala opaka pa zilonda, sumva madzi okha koma umasungunuka m'sipiriti. Wochapa adinde ndi thonje la sipiriti, ndi kumasintha thonjelo likada, kenaka achape ndi sopo. Sipiriti sachedwa kuyaka, motero ntchitoyi ichitikire panja, kutali ndi moto.

Ayodini amasiya banga lofiirira, ndipo pa nsalu yothiridwa sitachi bangalo limasanduka lakuda. Vitamini C wa m'madzi a mandimu amalizimiriritsa. Madziwa atsukuluzidwe bwino banga likachoka.

Mankhwala amadzi oonjezera magazi ali ndi ayironi, ndipo banga lake limafanana ndi dzimbiri. Pa nsalu yoyera ya thonje, madzi a mandimu ndi mchere zimathandiza, makamaka nsaluyo ikayanikidwa padzuwa isanatsukuluzidwe. Jik sachotsa banga lotere, amangolilimbitsa. Amadyanso ulusi wa silika ndi wa ubweya. Choopsa koposa nchakuti Jik akasakanizidwa ndi mandimu kapena viniga amatulutsa mpweya wapoizoni umene umapweteka mapapo.

Mankhwala opaka okhala ndi mafuta afunika kuyamba apalidwa ndi supuni. Pamalopo pawazidwe ufa woyera kuti umwe mafuta, ndipo pakapita kanthawi ufawo ukutumulidwe, nsalu nkuchapidwa ndi sopo.

Odwala chifuwa chachikulu adziwe kuti rifampicin amafiiritsa mkodzo, thukuta ndi misozi, mwakuti malaya ndi zofunda nazo zimatha kufiira. Si magazi ai, ndi mtundu chabe wa mankhwalawo. Wodwala apitirize kumwa tsiku ndi tsiku mpaka miyezi 6 itakwana, kapena monga momwe a chipatala adamuuzira. Kulekeza panjira kumapatsa mpata tizilombo kuti tisamamvenso mankhwala.

Kupewa kuposa kuchiza. Mayi wanzeru amayala chitenje chakale pachifuwa pa mwana asanamumwetse mankhwala, ndipo amadikira kuti opaka aume asanamuveke. Sipiriti, Jik ndi mankhwala onse zisungidwe pamalo pamene ana sangafikire. Banga likakanika, nsaluyo ibvalidwe chomwecho popanda manyazi, pakuti nsalu imagulidwa kusitolo koma moyo wa mwana sugulidwa.