Olondera deta: ntchito yosaoneka ya ana a ku Chitungwiza

Chitungwiza ndi tauni yogonako. Inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, kuti antchito achikuda azigona kutali ndi Salisbury, Harare wa lero, n'kumalawirira m'mamawa kukagwira ntchito. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'tauniyi muli anthu oposa 370,000, komabe ntchito zambiri zikadali ku Harare, ndipo makombi a mu Seke Road amadzaza kusanache. Mwa okwerawo muli amakaniko, anamwino, aphunzitsi, azimayi a geni, ndiponso anyamata ndi atsikana obereka chikwama cha laputopu, amene ngakhale makolo awo sadziwa bwinobwino chimene amagwira. Akafunsidwa pamaliro amangoti, "Ndimagwira za makompyuta." Wofunsayo nthawi yomweyo amapisa m'thumba n'kutulutsa foni yosweka galasi kuti amukonzere.

Ena mwa iwo ndi osamalira database, malo a m'kompyuta momwe banki, kampani ya mafoni kapena ofesi ya boma imasungamo mayina a anthu, ndalama zawo ndi zonse zimene achita. Ntchito zambiri za mtunduwu zili pa Oracle, SQL Server, PostgreSQL ndi MySQL, zimene zimasunga zinthu m'matebulo a mizere ndi madanga. Koma pali kagulu kochepa kamene kanapatukira njira ina, ya graph database. Kumeneko chinthu chilichonse, kaya ndi munthu, nambala ya foni kapena akaunti, chimakhala mfundo, ndipo ubale wa zinthu ziwiri umakhala chingwe cholumikiza mfundozo. Eni ntchito mfundoyo amaitcha vertex, chingwecho edge. Maganizowa ndi akale kuposa kompyuta: Leonhard Euler anawagwiritsa ntchito mu 1736 pofufuza ngati munthu angawoloke milatho 7 ya mumzinda wa Königsberg osabwereza ngakhale umodzi.

Chifukwa chake chovutikira chonchi munthu wa ku Zimbabwe angachimve msanga. EcoCash, njira yotumizira ndi kulipirira ndalama pa foni, inayamba mu 2011, ndipo ndalama za m'manja zitasowa, tomato wa pamsika wa Chikwanha ankagulidwa ndi foni. Pakati pa chaka cha 2020 boma ndi Reserve Bank of Zimbabwe anatseka malaini a maejenti a ndalama za pafoni, ponena kuti ndiwo ankadyetsa osintha ndalama zakunja mozembera malamulo. Ndale za nkhaniyo tizisiye, tione funso limene wofufuza amakhala nalo. Safunsa kuti uje ali ndi zingati. Amafunsa kuti ndalama zitachoka kwa uje zinapita kwa yani, kuchoka apo zinalowera kuti, nanga zitadutsa m'manja asanu zinabwerera kwa mwini wake woyamba kodi? Mafunso oterewa matebulo amawayankha mopuma wefuwefu, chifukwa dzanja lililonse lowonjezera limafuna kulumikizanso tebulo lalikulu ndi linzake. Graph imangotsata chingwe. N'chifukwa chake atolankhani a bungwe la ICIJ, polondola zikalata 11.5 miliyoni za Panama Papers mu 2016, anagwiritsa ntchito graph database ya Neo4j kuti aone amene anabisala kuseri kwa makampani a dzina lokha.

Mfundo ndi zingwe zikafika mabiliyoni, kompyuta imodzi imavutika kuzisenza, ndipo apa ndi pamene pamabwera JanusGraph. Inayamba ngati Titan, pulogalamu ya kampani ya Aurelius. DataStax itagula Aurelius mu 2015 ntchito ya Titan inazilala, ndipo mu January 2017 anthu a ku Google, IBM, Hortonworks ndi ena anaitola n'kuipitiriza ndi dzina latsopanolo pansi pa Linux Foundation. Ndi yaulere. Koma JanusGraph payokha sisunga kanthu. Deta yeniyeni imakagona mu pulogalamu ina, kawirikawiri Apache Cassandra kapena HBase, yomwazikana pa maseva angapo. Kufufuza mawu kumapatsidwa kwa pulogalamu yachitatu, Elasticsearch kapena Solr. Mafunso amalembedwa m'chinenero chotchedwa Gremlin. Zili ngati mafuwa atatu: limodzi likatsetsereka, mphika wonse watayika, ndipo ntchito ya munthu wathu uja ndi kuona kuti onse atatu akhazikika.

Chiyambi chake n'chonyenga, chimaoneka chophweka. Ndi kafayilo kamodzi ka mizere yochepa. Mzere wina umati storage.backend=cql, kutanthauza kuti deta ikagona mu Cassandra. Wotsatira, storage.hostname, umatchula maseva ake. Wina umati index.search.backend=elasticsearch. Mwana wa chaka choyamba ku koleji angalembe zimenezi tiyi asanazizire. Chovuta n'chakuti zosankha zina za tsiku loyamba sizibwezeka. Mu JanusGraph, ukangonena kuti danga lakutilakuti lizisunga manambala athunthu, sungadzasinthe mawa kuti lizisunga manambala okhala ndi masenti. Uyenera kupanga danga latsopano n'kusamutsa zonse. Ku Zimbabwe zimenezi si nthano. Dziko linayamba kugwiritsa ntchito ndalama zakunja mu 2009, kenaka kunabwera ma bond note mu 2016, dola ya RTGS mu 2019, ZiG mu April 2024. Amene anangolemba kuti "500" osasunga pambali pake mtundu wa ndalama ndi tsiku lake anasiyira anzake mtolo waukulu. Wokonza mapulani a deta wabwino amadziwika ndi mafunso ake otopetsa, ofunsidwa miyezi ingapo ntchito isanayambe, pamene abwana akufuna kuona zinthu zikuyenda.

Za indekisi ndiye zimakhudza ife eni ake. Ku St Mary's ndi ku Zengeza kuli mabanja ambiri a Aphiri, Abanda ndi Amwale, zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale. Mayina awo analembedwa ndi makalaliki osadziwa Chichewa. Munthu mmodzimodziyo pa chiphaso ndi Phiri, pa kadi la kuchipatala ndi Piri, pa laini ya foni analembetsa dzina la amalume ake. JanusGraph ili ndi indekisi za mitundu iwiri. Ya composite imakhala mu Cassandra momwemo, ndi yachangu, koma imangopeza chofanana ndendende: ukafunsa Phiri, Piri sabwera. Ya mixed imadutsira ku Elasticsearch, ndipo imatha kupeza mayina oyandikana kalembedwe, manambala a pakati pa malire awiri, ngakhale malo a pamapu. Wodziwa ntchito amaika nambala ya chiphaso pa composite, dzina pa mixed. Woiwala indekisi amazindikira mochedwa: pa deta yoyeserera funso limayankhidwa m'kuphethira kwa diso, koma pa deta yeniyeni pulogalamu imayamba kuwerenga mfundo iliyonse imodziimodzi, maseva n'kutentha, foni ya abwana n'kuyamba kulira.

Palinso vuto la mfundo yonenepa, imene eni ake amati supernode. Tiyerekeze ejenti wa pa Makoni amene walandira ndi kutumiza ndalama kwa anthu miyandamiyanda kwa zaka zambiri. Mfundo yake imakhala ndi zingwe zosawerengeka, ndipo funso lililonse lodutsa pa iye limatitimira. Mankhwala ake ndi kusanja zingwezo motsata tsiku, kuti wofuna za sabata yatha asakumbe za zaka khumi.

Komabe amene amasenza katundu wolemera kwenikweni ndi olondera maseva, ndipo mdani wawo wamkulu kuno ndi magetsi. Mu 2019, ndiponso kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku Kariba, magetsi a ZESA ankazima mpaka maola 18 pa tsiku m'madera ambiri. Cassandra inapangidwa ku Facebook poganizira kuti seva ikhoza kufa nthawi iliyonse, n'chifukwa chake anthu amaikonza kuti chinthu chilichonse chilembedwe pa maseva atatu, ndipo awiri akavomereza ndiye kuti zalembedwa. Seva imodzi ikazima, zinzake zimaisungira mauthenga kuti ikadzuka ipeze zimene zinaidutsa. Koma pokhapokha mwini asinthe, zimaisungira kwa maola 3 okha. Yerekezani maola 3 ndi maola 18. Jenereta ikakana kulira kapena mabatire akatha, seva imadzuka ili m'mbuyo, ndipo munthu ayenera kuyendetsa lamulo la nodetool repair kuti ifanane ndi zinzake, ntchito yolemera imene amakonda kuichita usiku anthu atagona.

Choopsa chenicheni chili pa zofufutidwa. Cassandra sifufuta chinthu nthawi yomweyo. Imaika chizindikiro chonena kuti ichi chafa, n'kuchisunga masiku 10 kuti maseva onse amve uthengawo, kenaka chizindikirocho chimachotsedwa. Seva imene yakhala chizimire kupyola masiku 10, mwina podikira chipangizo chochokera ku Johannesburg, siinamve za imfayo. Wosadziwa akangoilumikiza, iyo imauza zinzake kuti zataya deta, ndipo ngongole imene inatsekedwa kalekale imadzuka m'manda. Wodziwa ntchito seva yotereyi saibweza chomwecho. Amaipukuta yonse n'kuimanganso.

Nayo JanusGraph ili ndi kamsampha kake kogwirizana ndi magetsi. Ukapanga indekisi yatsopano pa deta imene ilipo kale, indekisiyo imadikira kuti makope onse a pulogalamuyo amene ali otsegula avomereze isanayambe kugwira ntchito. Kope limene linafa mwadzidzidzi magetsi atazima silinatsanzike, choncho limaonekabe ngati lamoyo. Indekisi imangokhala pa INSTALLED, osasuntha, ikudikira yankho la wakufa. Munthu amatha kutaya usiku wonse akuyang'ana zolakwa kwina, pamene chofunika ndi kutsegula mndandanda wa makopewo, kutseka mokakamiza limene kulibeko, ndiyeno n'kuyendetsa ntchito yodzaza indekisi. Zoterezi sizili pa satifiketi iliyonse. Zimaphunziridwa pa 2 koloko m'bandakucha, munthu atakhala pamkeka ku Unit L ya ku Seke, laputopu ili pa mwendo, akuyang'ana nyali ya invata ngati ifike m'mawa.

Ndipotu apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi mabwana ena amene amakopeka ndi dzina lokoma la luso latsopano. Makampani ambiri a kuno alibe deta yofuna maseva asanu ndi imodzi. PostgreSQL yokonzedwa bwino, pa seva imodzi yokhala ndi inzake yobwerezera, ingawatumikire zaka zambiri. Kusankha mafuwa atatu aja kumatanthauza kulipira anthu odziwa mapulogalamu atatu, dizilo wa jenereta, ndi munthu wodzuka usiku. Katswiri woona mtima nthawi zina amauza abwana kuti, "Bwana, izi si zathu pakadali pano," ngakhale akudziwa kuti dzina la JanusGraph likanakongoletsa CV yake.

Nanga amaphunzira kuti? Maziko amawapeza ku Harare Institute of Technology, University of Zimbabwe, Harare Polytechnic kapena NUST ya ku Bulawayo: SQL, Java, Linux, netiweki. Za graph ambiri amadziphunzitsa okha, ndi mabuku aulere a pa intaneti monga Practical Gremlin la Kelvin Lawrence. Akapsa, dziko silichedwa kuwataya. Ena amapita ku South Africa ndi ku Ulaya, ena amatsala pakhomo n'kumagwirira makampani akunja, malipiro ali m'madola a America. Otsalawa ndalama zoyamba amagulira sola ndi mabatire, osati galimoto, ndipo Starlink italoledwa m'dzikomo mu 2024 ena anapeza njira yachiwiri ya intaneti. Amakumbukirabe January 2019, pamene boma linatseka intaneti m'dziko lonse nthawi ya zionetsero za kukwera mtengo kwa mafuta, ndipo Chitungwiza inali pakati pa chipwirikiticho. Munthu amene seva zake zili ku Ulaya iye ali ku Zengeza, tsiku lotero amangopinda manja.

Mbali yomaliza ya ntchitoyi ndi imene anyamata ambiri amaiona ngati yotopetsa, koma kwa ana a obwera siyenera kutero. Lamulo la unzika la 2001 linasiya anthu ambiri obadwira ku Zimbabwe, a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ali ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, anawabwezera unzika, koma pali ena mpaka lero amene akuvutika kupeza zikalata chifukwa agogo awo sanalembedwe paliponse. Mawu amodzi m'kaundula analamulira moyo wa mabanja athunthu. Graph imaposa pamenepo, chifukwa imaonetsa amene umayankhula naye, amene umamutumizira ndalama, amene unagona naye nyumba imodzi. Lamulo loteteza deta la 2021 linapatsa bungwe la POTRAZ udindo woyang'anira osunga deta ya anthu, koma amene amasankha tsiku ndi tsiku kuti ndani aone chiyani, ndi kuti deta yeniyeni ya makasitomala isakopedwe pa laputopu yopita nayo kunyumba pa kombi, ndi wosamalira database yemweyo.

Inu achinyamata a ku Seke ndi ku Zengeza amene mukufuna kulowa ntchitoyi, musadikire maseva. JanusGraph imayenda pa laputopu imodzi mukasankha BerkeleyDB posungira ndi Lucene pofufuzira. Pekani mayina, mujambule banja la mibadwo inayi kapena buku la bungwe la maliro, mufunse Gremlin kuti akupezereni adzukulu onse a gogo mmodzi. Zikayenda, ikani Cassandra, muzimitse kompyuta mwadala ntchito ili pakati, ndipo muphunzire kuidzutsa popanda kutaya dzina ngakhale limodzi.