Ulendo Wokaona Mathithi ku Dzalanyama: Phunziro la Madzi kwa Ana a ku Mtandire

Mwa njira zonse zophunzitsira zimene timakambirana pano pa koleji, ulendo wokaona malo ndiwo umene ana amaukonda koposa, koma ndiwonso umene kaŵirikaŵiri umapita pachabe. Ana amakwera galimoto akuimba, amadya kamba wawo, amabwerera atatopa, ndipo mphunzitsi akaŵafunsa m'maŵa mwake zimene anaphunzira, amangoyankha kuti kunali kosangalatsa. Izi zimachitika pamene ana anyamuka alibe funso loti akalipezere yankho. M'nkhani ino tifotokoza m'mene mphunzitsi wa ku Mtandire, kapena wa dera lina lililonse la mu mzinda wa Lilongwe, angakonzere ulendo wa tsiku limodzi wokwera phiri ndi kukaona mathithi, ana atanyamula funso limodzi lokha: Kodi madzi amene timamwa amachokera kuti?

Chifukwa chosankhira Dzalanyama

Mathithi otchuka m'dziko muno ali kutali ndi Lilongwe. A Manchewe ali pafupi ndi Livingstonia m'boma la Rumphi, a Williams ali pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo a pa Dziŵe la Nkhalamba ali ku Likhubula m'phiri la Mulanje. Sukulu za m'madera amenewo zikhoza kupitako ndi kubwerako tsiku lomwelo, koma ife a ku Lilongwe sitingathe. Malo otiyenera ndi mapiri a Dzalanyama, amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumwera chakumadzulo kwa mzinda, m'malire a Malaŵi ndi Mozambique. Mathithi a m'timitsinje ta m'menemo ndi aang'ono powayerekeza ndi a Manchewe, koma ali ndi phunziro limene mwana wa ku Mtandire sangalipeze kwina.

Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri ameneŵa. Boma linakhazikitsa Dzalanyama kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000. Madzi otsika m'menemo amasungidwa ku Malingunde m'madamu aŵiri: Kamuzu Dam loyamba, limene linamangidwa mu 1966, ndi lachiŵiri la mu 1989. Kuchoka apo bungwe la Lilongwe Water Board limayeretsa madziwo ndi kuŵatumiza m'mipopi. Tsono mwana amene amaima pa mzere ndi ndowa pa kiyosiki m'mamaŵa, akafika pa mathithi a ku Dzalanyama, wafika pa gwero la madzi a m'ndowa yake.

Anaŵa amaŵadziŵanso madzi m'njira ina yoŵaŵa. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi, umene umadutsa m'mphepete mwa Mtandire usanathire mu Lilongwe, unasefukira ndi kuononga nyumba za anthu. Makolo awo amaikumbukira nthaŵi imeneyo. Choncho funso lathu lili ndi mnzake: N'chifukwa chiyani madzi ena amatsika pang'onopang'ono chaka chonse ali oyera, pamene ena amabwera tsiku limodzi ali ofiira ndi aukali?

Zimene mphunzitsi ayenera kuzidziŵa yekha poyamba

Sitingatsogolere ana ku yankho limene ife eni sitikulidziŵa. Pali mfundo zitatu.

Yoyamba ndi ya mvula. Mpweya wonyowa ukakumana ndi phiri umakakamizika kukwera, ndipo pokwerapo umazizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse. Ukazizira, chinyontho chake chimasanduka mitambo ndi mvula. Mzinda wa Lilongwe uli pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene mapiri a Dzalanyama m'malo ena amapitirira mamita 1,500. N'chifukwa chake kuphiri kumagwa mvula yambiri kuposa kuchidikha.

Yachiŵiri ndi ya nkhalango. Masamba a mitengo amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula. Zinyalala zoolerana pansi pa mitengo zimagwira madziwo, ndipo mizu imatsegula njira zoti aloŵere m'nthaka. Madzi oloŵa pansi amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe, motero kamtsinje kamayendabe ngakhale mu Julayi, mvula italeka kalekale. Pamene mitengo yadulidwa ndipo nthaka yapsa, madzi saloŵa pansi. Amathamanga pamwamba, kukokolola dothi, kudzaza mtsinje mwadzidzidzi, kenaka mtsinjewo n'kuphwa msanga. Dothi lokokololedwalo limakakwirira madamu.

Yachitatu ndi ya mathithi enieniwo. Mtsinje umadya mwala wofeŵa msanga kuposa wolimba. Pamene mwala wolimba wapingasa njira ya madzi, wa kunsi kwake umadyeka n'kutsika, wolimbawo n'kutsala ngati khwerero, ndipo madzi amagwa kuchokera pamenepo. Kwina khwererolo limakhalapo chifukwa nthaka inang'ambika kalekale mbali ina n'kutitimira, monga zilili ku Manchewe m'mphepete mwa chigwa chachikulu cha nyanja ya Malaŵi. Madzi ogwawo amazunguza miyala pansi ndi kukumba dziŵe lakuya. Mfundo imeneyi ndi ya sayansi, koma ndi ya chitetezonso: dziŵe la pansi pa mathithi limakhala lakuya kuposa m'mene limaonekera.

Kukonzekera

Nthaŵi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi. Msewu wafumbi umakhala utauma, timitsinje tikadali ndi madzi, ndipo kunja kumakhala kozizira bwino poyenda. M'dzinja tisapite: miyala imaterera, ndipo mvula yogwa pamwamba pa phiri, imene ife sitikuiona, ikhoza kudzaza kamtsinje m'kanthaŵi kochepa. Mu Okutobala madzi amachepa, dzuŵa limaŵaŵa ndipo tchire limapsa.

Mphunzitsi apite yekha kaye, sabata ziŵiri kapena zitatu ulendo usanachitike. Akapemphe chilolezo kwa a Dipatimenti ya za Nkhalango, akaonane ndi munthu amene adzatsogolere ana, ndipo ayende naye njira yonse ataika maso pa wotchi. Pamene wamkulu wayenda ola limodzi, tiŵerengere maola aŵiri kwa ana. Aonenso poima galimoto, popumira, podyera, ndiponso adziŵe chipatala chimene chili pafupi. Safunsa anadya phula.

Ana oyenera ulendo wotere ndi a Sitandade 6 ndi 7. Makalasi a m'madera athu ndi aakulu, ndipo kutenga ana 100 nthaŵi imodzi n'kuputa ngozi. Ndi bwino kuŵagaŵa paŵiri kapena patatu, kuti pa ana 10 aliwonse pakhale wamkulu mmodzi. Pakati pa akuluwo pakhale mayi, ndiponso kholo limodzi la m'komiti ya sukulu. Mphunzitsi wamkulu avomereze, ndipo kholo lililonse lisayine kalata yonena kumene tikupita, nthaŵi yonyamuka ndi yobwerera. Tifunse za ana odwala mphumu kapena khunyu kuti tiŵayang'anire mwapadera.

Nkhani ya ndalama tiisamale. Ku Mtandire mabanja ambiri amadalira maganyu ndi malonda aang'ono. Tikangolengeza mtengo wa galimoto, opita adzakhala ana a makolo opezako bwino okha, ndipo phunziro lidzasanduka chizindikiro cha kusiyana. Tiyambe kusonkha pang'onopang'ono chiyambire teremu, komiti ithandize, ndipo pasakhale mwana wotsala chifukwa cha kusoŵa. Kamba akhale wamba: mbatata yophika, chimanga chokazinga, nthochi ndi botolo la madzi oŵiritsa.

Sabata yomaliza ikhale ya m'kalasi. Tijambule mapu pa bolodi: Dzalanyama, Malingunde, mzinda, pokumana Lingadzi ndi Lilongwe, kenaka Linthipe mpaka ku nyanja m'boma la Salima. Ana alembe zimene akuganiza kuti ndiwo mayankho a mafunso aŵiri aja. Gulu lina litunge madzi a mu Lingadzi m'botolo loonekera mkati, wamkulu ali pomwepo, kuti tikapite nawo.

Wotsogolera ndi mphunzitsi

Aphunzitsi atsopano ambiri akafika kuphiri amapereka ana kwa wotsogolera njira, iwo n'kumayenda pambuyo ngati alendo. Ena amachita zosiyana: amayankhula okhaokha, wotsogolera n'kungokhala wolozera njira. Zonse ziŵiri n'zolakwika. Wotsogolera, kaya ndi mlonda wa nkhalango kaya ndi munthu wa m'midzi yozungulira, amadziŵa njira, poterera, pamene pali njuchi kapena chitedze, ndiponso maina a mitengo ndi ntchito zake. Iye ndiye angaonetse ana msuku, mombo, mtondo ndi mlombwa, ndi kuŵauza mtengo umene luzi lake limamangira nyumba. Koma sadziŵa silabasi, ndiponso saŵadziŵa ana athu. Mwini phunziro ndi mwini udindo ndi mphunzitsi.

Choncho pa ulendo woyamba uja tigwirizane naye malo atatu kapena anayi oimapo, ndi zimene akanene pa malo aliwonse mwachidule. Ana timuonetse mwaulemu monga mphunzitsi mnzathu wa tsikulo, ndipo azimuitana kuti bambo kapena mayi. Poyenda iye akhale patsogolo, mphunzitsi mmodzi pakati, wina pambuyo penipeni, ndipo pasapezeke mwana wopitirira wotsogolera kapena wotsalira kumbuyo kwa mphunzitsi womaliza. Liŵiro la gulu likhale la mwana woyenda pang'onopang'ono. Tiŵerenge ana ponyamuka, pa malo aliwonse opumira, ndi pokwera galimoto.

Pa mathithi

Tisanayandikire, ana akhale pansi ndipo timve nawo mkokomo wa madzi kwa mphindi imodzi popanda woyankhula. Kenaka tinene malamulo atatu: palibe kusambira, palibe kukwera pamwamba pa mathithi, palibe kuponda mwala wonyowa wa ndere. Tilembe mzere pansi ndi ndodo, wamkulu aime pamenepo.

Ntchito zikhale zochepa, zogwirika ndi manja. Gulu loyamba lijambule mathithi ndi kuonetsa mwala wolimba, pogwera madzi ndi dziŵe. Lachiŵiri lipite kunsi, pamene madzi ndi osaya ndi odekha, liyeze mamita 10 ndi chingwe m'mbali mwa mtsinje, liponye kamtengo ndi kuŵerenga masekondi. Lichite katatu ndi kupeza avereji. Ngati kamtengo katenga masekondi 20, madziwo akuyenda theka la mita pa sekondi. Lachitatu litunge madzi m'botolo ndi kuliika pambali pa la ku Lingadzi lija. Lachinayi lithire kapu ya madzi pa nthaka ya zinyalala pansi pa mtengo, ndi kapu ina pa nthaka yogogomezeka ya m'njira, kenaka lione kumene madzi apita. Ntchito yotsirizayi ndiyo mtima wa ulendo wonse, pakuti m'makapu aŵiriwo muli yankho la funso la kusefukira. Magulu asinthane kuti mwana aliyense aione ndi maso ake. Mphunzitsi adziletse kunena yankho, afunse kuti, "Mwaona chiyani? Nanga mvula ya tsiku lonse ikanagwa pano, ikanapita kuti?"

Nkhani ya makala

Pa njira ana adzakumana ndi njinga zosenza matumba a makala, ndipo mwina adzaona zitsa ndi malo akuda pamene panali uvuni. Kudula mitengo m'nkhalangoyi kunakula kotero kuti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukailondera. Sitingabise zimenezi, pakuti ndi mbali ya phunziro. Koma tikumbukire amene tikuyankhula nawo. Nsima imene anaŵa anadya dzulo inaphikidwa pa mbaula, ndipo ena a iwo fizi ndi yunifolomu zawo zimachokera m'malonda a makala omwewo. Mphunzitsi akanena kuti oocha ndi ogulitsa makala ndi anthu oipa, mwana amamva kuti akunyozedwa ndi mayi ake, ndipo amatseka makutu. Tifunse m'malo mwake: N'chifukwa chiyani anthu a m'tauni amagula makala? Akanaphikira chiyani china? Kodi mbaula yosunga moto imachepetsa bwanji makala? Mwana amene waganizira mafunso otere amabwerera ndi nzeru yokathandiza nayo kwawo, osati manyazi.

Apa mwambo wathu utithandiza. Acheŵa amati pa Kaphirintiwa, m'mapiri omweŵa a Dzalanyama, ndi pamene anthu oyamba ndi nyama anatsikira pamodzi ndi mvula, n'kusiya mapazi awo pa thanthwe. Ankakhala mwamtendere ndi Chauta mpaka munthu anapeka moto n'kuocha tchire. Nyama zinathaŵa, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Tikafotokoza nthano imeneyi pa nthaŵi ya chakudya, ana okha adzaona kuti makolo anazindikira kalekale mgwirizano wa mvula, nkhalango ndi moto.

Tikabwerera

Tinyamuke kuphiri pofika 2 koloko masana kuti ana afike kwawo kusanade, ndipo tisasiyeko pepala kapena botolo. Ulendo sunathe mpaka utaloŵa m'makope. Pa phunziro la masamu tigwiritse ntchito manambala a liŵiro la madzi. Pa Chicheŵa ana alembe chimangirizo cha ulendo wa dontho la madzi kuchokera ku Dzalanyama kufika m'ndowa ya pa kiyosiki, ndiponso kalata yothokoza wotsogolera. Mabotolo aŵiri aja akhale pa windo masiku atatu kuti matope adikhe, ana ayeze kuchuluka kwake ndi rula. Pomaliza atsegule mayankho amene analemba asananyamuke ndi kuŵakonza okha.

Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Tsiku lina titulutse ana kuseri kwa kalasi, tiyang'ane ngalande zimene mvula yakumba pabwalo la sukulu, ndipo tiŵafunse kumene angabzale udzu ndi mitengo kuti madzi a padenga aloŵe m'nthaka asanathamangire ku Lingadzi. Akaloza malo oyenera ndi kunena chifukwa chake, tidziŵe kuti ndalama za makolo sizinapite pachabe.